Tsiku Limene Ndinagwadira Laputopu

Nkhani iyi ndinalumbira kuti sindidzauza munthu. Koma popeza msika wonse wa pa Boma ukuidziwa kale, ndipo aliyense akuthirapo mchere wake, bola muimve kwa mwini wake. Ine NyaBanda, mayi wa ana anayi, wamvano wa bulauzi yoyera, ndinagwadira laputopu masanasana, ndikuwomba m'manja.

M'mawa ndimagulitsa mbatatesi pamsika. Cha m'ma teni ndimakakolopa maofesi awiri. Masana ndimaphunzitsa sukulu ya kwacha m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi chathu, kunja pang'ono kwa tauni ya Mzimba. Ineyo kuwerenga ndinakudziwira m'kachipinda komweko ndili kale ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anandiphunzitsa ndi malemu a Zgambo. Anali munthu wabwino, koma wosafulumira. Chilembo chimodzi ankakhala nacho sabata yathunthu. Ine kudikira kumandiwawa m'mafupa. Nyemba ndimaphika ndi soda.

A Zgambo atamwalira, kalasi inatsala m'manja mwanga, pamodzi ndi laputopu imene bungwe lina linatipatsa.

Loweruka lililonse kunkabwera Mayi Kamwendo, mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale ina, kwawo ku Ntcheu. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kumanga kapulogalamu ka pa foni: ukakhudza liwu pa sikirini, umamva munthu akuliwerenga. A Zgambo anali atajambula kale mawu awo asanamwalire. Ine nditawamvetsera ndinati ayi, munthu angagone asanafike pa U. Ndinawasunthira pambali, n'kuyamba kujambula mawu a amayi a m'kalasi mwanga makumi awiri ndi awiri, aliyense akuwerenga kandime kake.

Ntchitoyo inatitengera miyezi itatu. Ena mwa amayiwo amayenda wapansi kuchokera njira ya ku Edingeni. Mmodzi wa a ku Edingeniwo anabwereza kandime kake kakhumi ndi kawiri, ndipo atadzimva akuwerenga osaphonya anafunda chitenje kumaso n'kulira. Mawu onsewo anali mu laputopu mokhamo, kwina kulikonse kunalibe. Lachisanu linali tsiku lotsekera, lakuti amuna awo, ana awo ndi apongozi awo adzawamve.

Chinatsala ndi chida chimodzi chomangira pulogalamuyo. Mayi Kamwendo anandilembera mzere umodzi papepala.

"Zida zomangira mapulogalamu zimasungidwa m'nkhokwe za pa intaneti," anatero. "Iyi ndalembayi ndiye yovomerezeka. Zonse za m'menemo anthu anaziunika, ndipo zili ndi chidindo cha eni ake. Musatenge kwina, NyaBanda. Ikachedwa, dikirani."

"Ndamva, madamu."

"Mwamva, kapena mwangoyankha?"

"Yewo, ndamva."

Ananyamuka ulendo wa ku Mzuzu, akuti abwerera Lachitatu.

Lolemba masana ndinayatsa data pa foni, n'kulumikiza laputopu, n'kulemba mzere uja. Kamzere kosonyeza dawunilodi kanayamba kuyenda ngati nkhono yodwala. Ola linatha. Kakafika pakati, netiweki imaduka, kenako kamayambiranso. Kachitatu ndinaimirira, n'kusesa chipinda chosesa kale, n'kubwerera. Kanali pomwe paja.

Ndiye ndinafufuza ndekha. Si ndimadziwa kuwerenga? Ndinapeza tsamba lina lokhala ndi dzina la chida chomwecho, chithunzi chomwecho, pamwamba atalemba kuti *fast download*. Ankati ungowonjezera nkhokwe yawo pa kompyuta yako, basi. Ndinakopera mzere wawo chilembo ndi chilembo, lilime lili panja, monyadira.

Laputopu inandichenjeza, zimenezo sindingainamizire. Chizungu changa ndi cha pamsika, koma ndinamva bwinobwino. Inati mwini katunduyu sindikumudziwa, chidindo palibe, tipitirizebe?

Ndinaiyankha mokweza: "Nanga tomato ndimagula kwa amalume anga?"

Ndinadina Y. Inapempha pasiwedi ya laputopu, ndinaipatsa. Mphindi zisanu zokha, zonse zatheka, chida chikugwira ntchito. Ndinapita kunyumba ndikuseka anthu ophunzira kwambiri ndi mantha awo.

Lachiwiri kunacha ndi nkhungu. Mwezi wa Julaye kuno kumazizira, koma tsiku limenelo nkhungu ya ku Viphya inatsikira m'tauni n'kukhala pansi osachoka. Masana mitengo ya bulugamu ya patchalitchi inkangooneka tsinde, nthambi zitamezedwa. Malata a kachipinda kathu ankadontha madzi mvula isakugwa. Kunabwera amayi asanu ndi awiri okha, atadzikulunga m'zitenje, mmodzi wa iwo NyaTembo, mnzanga woyandikana naye benchi pamsika.

Nditatsegula laputopu, ndinapeza ikutentha ngati mwana wa malungo. M'kati mwake munkamveka kupuma, fuu, fuu, pamene ine sindinakhudze kalikonse. Ndinalumikiza foni, n'kutembenukira kubolodi kuti ndilembe deti.

"Asambizgi," anatero NyaTembo chapansipansi. Amanditchula choncho tikakhala m'kalasi, ndiko kuti aphunzitsi. "Kamuvi kaja kakuyenda."

Ndinacheuka. Kamuvi ka mausi kanali kakuyendadi pa sikirini, pang'onopang'ono, ngati munthu wolowa m'nyumba ya mdima akupapasa khoma. Manja anga onse anali ndi choko.

"Tebuloli ndi lopendekeka," ndinatero. Ndinapinda katoni n'kuika pansi pa mwendo wa tebulo.

Kamuvi kanaima. Kenako kanayambanso, ulendo uno molunjika. Pamwamba pa sikirini, pafupi ndi kamera, panayaka kanyali kakang'ono koyera kamene sindinakaonepo chiyambire. Kamuvi kanatsegula foda ina, kanatseka. Kanatsegula ina, kanatseka. Kanafika pa foda imene ndinakankhira kukona, yolembedwa kuti ZGAMBO, n'kuimapo.

Panja galu wa abusa anayamba kulira, kulira kuja kotalika.

Ndiye mawu anatuluka, okhuthala, osafulumira, ndi kakutsokomola kawo kaja koyambira.

"Ehem. A. E. I. O. U. Bwerezani, amayi."

Chimene sindidzaiwala ndi ichi: amayi asanu ndi awiri aja, maso ali tong'o, anabwereza onse pamodzi. "A. E. I. O. U." Ineyo ndinabwereza nawo.

"Mwakhoza," anatero malemu.

Pakhomo lija pamadutsa munthu mmodzi, koma tinatulukapo anthu asanu ndi atatu nthawi imodzi.

Tinakaima pansi pa mtengo, m'nkhungu, tikuyang'ana chitseko chili pululu. Foni yanga inatsala patebulo. Palibe amene ankafuna kukaitenga.

"Mbwenu akwiya," anatero NyaTembo.

"Akwiyira chiyani? Ndife Akhristu ife, musayambe zimenezo."

"Munawachotsa m'pulogalamu. Munthu wajambula mawu ake akutsokomola magazi, inu mwawaponya kukona ngati nsapato yakutha."

"Ankachedwa."

"Lero achedwa?"

Ndinathamangira m'kati maso nditatsinzina theka, n'kutsomphola foni, n'kumenyetsa chivindikiro cha laputopu, n'kuifunditsa chitenje, n'kukhoma chitseko.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinaimbire Mayi Kamwendo. Ndinaiganizira nkhaniyo. Koma funso lawo loyamba likanakhala lakuti munatenga kuti chidacho, ndipo ine ndinaona kuti kukumana ndi mzimu n'kopepukirapo kusiyana ndi kuyankha funso limenelo. Komanso, kunena zoona, m'mutu mwanga zinthu ziwirizi sizinkakhudzana. Dawunilodi ndi ya Lolemba, maliro ndi a chaka chatha.

Chimene chinkandidya ndi mawu a amayi anga. Ngati malemu angathe kutsegula foda, angathenso kufufuta. Miyezi itatu, Lachisanu lili pakhomo.

Lachitatu m'mawa pamsika NyaTembo anandikokera kuseri kwa matumba a mbatatesi.

"Mupite nokha," anatero. "Wolakwa ndinu. Mugwade monga tinkawagwadira ali moyo, muwombe m'manja, muwatchule dzina. Mutenge chimene ankakonda."

"Tiyi wopanda mkaka ndi chinangwa."

"Enya. Ndipo munene zonse. Wakufa sabisiridwa, amadziwa kale. Mukasiya chimodzi, mbwenu mwangowonjezera mlandu."

"Abusa akamva?"

"Amva kwa ndani? Ine pakamwa panga ndi pa loko."

Loko wa NyaTembo ndimamudziwa, koma ndinalibe nthawi. Maofesi ndinakolopa mothamanga, madzi ndikusiya m'makona. Itakwana thwelofu ndinali pakhomo la kachipinda kaja, kapu ya tiyi kudzanja ili, chinangwa kudzanja ili.

Nkhungu inali isanachokebe. M'kati munali mdima wotuwa, fungo la choko chonyowa. Mabenchi anali momwe tinawagwetsera. Chitenje chija chinali patebulo, chitatukuka pakati ngati chaphimba nkhope ya munthu. Ndinachivundukula ndi zala ziwiri.

Ndinatsegula laputopu. Kenako ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandiseketsa ndekha: ndinayatsa data n'kulumikiza foni, poganiza kuti dzulo malemu anabwera foni ili yolumikiza, ndiye ndisawatsekere njira.

Ndinadikira. Ine amene sindidikira basi, ndinadikira mzimu mphindi makumi awiri.

Fuu, fuu. Kanyali koyera kanayaka. Kamuvi kanagwedezeka, kanayenda, kanatsegula pulogalamu ina, ndipo pakati pa sikirini panaoneka kadontho kofiira, kakuphethira ngati diso.

Ndinagwada. Ndinaika tiyi ndi chinangwa patsogolo pa kiyibodi, n'kuwomba m'manja katatu.

"Adada a Zgambo," ndinayamba, mawu akutuluka opyapyala, "ndine NyaBanda, mwana wanu. Ndapota, mundimvere."

Ndinanena zonse. NyaTembo anati ndisasiye kanthu, ndipo sindinasiye. Ndinayambira pa foda ija, n'kubwerera m'mbuyo chaka ndi chaka. Simenti inkandiluma m'mawondo, mamina akutsika, kadontho kofiira kakungophethira. Pomaliza ndinapempha chinthu chimodzi: chilango chigwere ine, koma mawu a amayi awasiye.

Dontho la madzi linagwa kuchokera kumalata n'kulowa mu tiyi.

Kenako pa sikirini panatseguka tsamba loyera, ndipo zilembo zinayamba kubwera zokha, chimodzichimodzi.

*Hello mama. Who is Zgambo?*

Ndinaganiza kuti kumandako munthu amaiwala ndi dzina lake lomwe. Ndinadabwanso kuti a Zgambo, amene ankalemba pa kompyuta ndi chala chimodzi, aphunzira liti liwiro lotere, ndi Chizungu chomwe.

"Ndinu nomwe, adada," ndinayankha.

*Type email password and I go.*

Ndinapumira m'mwamba. Ndinkayembekezera kuti apempha mbuzi. Ndinakwawa ndi mawondo kufika patebulo, n'kutambasula chala. Ndinali nditalemba zilembo zitatu pamene chitseko chinalira kumbuyo kwanga, ndipo mthunzi wautali unagwera pakhoma.

Kukuwa kumene ndinakuwa, galu wa abusa anathawa mpaka madzulo.

Anali Mayi Kamwendo, chikwama cha paulendo chili paphewa. Atangotsika basi, nkhani inawapeza padepoti: wogulitsa nthochi anaimva kwa wometa tsitsi, wometa tsitsi anaimva kwa NyaTembo.

Anandiyang'ana ine pansi. Anayang'ana tiyi. Anayang'ana chinangwa. Anawerenga za pa sikirini. Anangotola foni yanga n'kuzimitsa data.

Kamuvi kanaima pomwepo. Kanyali koyera kanazima.

"Dzukani, NyaBanda," anatero. "Mzimu woyendera bandulo ine sindinaumvepo."

"Madamu, ayankhula. Tonse tinawamva."

"Munthu anadina fayilo, fayilo inalira. Chida chija munachitenga kuti?"

Funso lija linandipeza ndithu, ndili chigwadire.

Ndinawaonetsa tsamba lija. Anakhala pabenchi, n'kuvula magalasi, n'kutikita m'maso.

"Mbewu ya chimanga yabodza mumaidziwa? Ija amatenga chimanga cha m'nkhokwe, n'kuchipaka utoto, n'kuchithira m'thumba la kampani?"

"Ndimaidziwa. Inandipweteka chaka china."

"Ndi zomwezi. Anatenga chida chenicheni, n'kusokereramo zawo m'kati, n'kuchiika m'nkhokwe yawo imene palibe amaiunika. Chimagwira ntchito bwinobwino kuti musakayike. Koma pochiika munachipatsa pasiwedi, ndiye kuti munapereka makiyi a nyumba yonse. Kuyambira Lolemba munthu ameneyu wakhala akutsegula mafoda anu, akukuonani pa kamera, akukumverani."

"Ali kuti?"

"Kaya. Mwina kutsidya kwa nyanja, mwina ku Lilongwe. Akufuna mapasiwedi, kuti alembere anthu m'dzina la sukulu yathu. Ndipo tikanamanga pulogalamu yathu ndi chida chimenechi, bwenzi titamutumiza tokha m'mafoni a amayi onsewa."

"Ndiye anandiona ndikugwada."

"Anakuonani."

"Chichewa amamva?"

"Pempherani kuti asamve."

Anati laputopu yonse iyenera kufufutidwa, iyambirenso ngati yatsopano, chifukwa munthu wotere sudziwa kuti wabisala m'makona angati.

"Nanga mawu a amayi?"

Anatsegula foda yathu. Ndinatseka maso. Ndinamva akuwerenga chapansipansi.

"Alipo," anatero. "Sanafufute. Mafayilo a mawu okhawo ndiwakopera pa fulashi, ndikawaunike kusukulu. China chilichonse chipite."

Lachinayi lonse linathera pamenepo: kufufuta, kuikanso, kusintha mapasiwedi onse. Chida chovomerezeka chija chinatenga maola anayi, ndipo Mayi Kamwendo anandikhazika pabenchi kuti ndichiyang'anire mpaka chithe, manja nditapinda. Nthawi yomanga pulogalamu ya pa foni inatha. Tinagwirizana kuti Lachisanu tingolowetsa fulashi m'sipika ya tchalitchi, mawu azilira motsatana. Makina a kusukulu anati mafayilo ndi oyera. Kuwamvetsera ndi khutu, palibe anapeza mpata.

Lachisanu nkhungu inachoka. Tchalitchi chinadzaza: amuna atavala majekete, ana, apongozi, abusa, amvano anzanga. Pampando wakutsogolo tinakhazika mlendo wolemekezeka, NyaLungu, mkazi wamasiye wa a Zgambo, mayi wamtali wosayankhulayankhula.

Ndinaimirira kutsogolo, bulauzi itasitidwa.

"Abale," ndinatero, "amayi awa anabwera kuno osadziwa kulemba dzina lawo. Lero mudzimvere nokha zimene zimaphunzitsidwa m'kalasi mwanga."

Ndinakodola Mayi Kamwendo, amene anali kumbuyo kwenikweni ndi sipika. Anadina.

Kunamveka phokoso la mphepo. Kenako kuwomba m'manja, katatu.

"Adada a Zgambo, ndine NyaBanda, mwana wanu. Ndapota, mundimvere."

Kadontho kofiira kaja sikanali diso. Mbava ija inayatsa pulogalamu yathu yojambulira mawu, ndipo pulogalamuyo inasunga zonse m'foda imodzi ndi mawu a amayi. Sipika inayambira pa fayilo yatsopano.

Ndinakweza manja kuti azimitse. Mayi Kamwendo anadina, koma batani limene anadina linali lokweza. Pakati pa ine ndi sipikayo panali mabenchi makumi awiri odzaza anthu, ndipo palibe anasuntha mwendo kuti ndidutse.

Tchalitchi chonse chinamva kuti ndinkawatcha a Zgambo "a Mawa" akatembenuka. Chinamva kuti mayeso anga omaliza ndinaonera kwa NyaTembo, amenenso analakwa. Chinamva kuti pamaliro pawo ndinalira kwambiri kuposa onse kuti komiti indione, indipatse kalasi. Abusa anaweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka.

Ndiye mawu anga, akusisima, anafika apa:

"Ndipo fulasiki yanu ya tiyi ija, yofiira, imene amama NyaLungu anaifunafuna mpaka kukayikira alamu awo, ili kwanga. Munaiiwala m'kalasi tsiku lomaliza. Ndinati ndibweza, koma imasunga kutentha chomene."

Apo m'pamene Mayi Kamwendo anapeza batani loyenera.

Kenako fayilo yotsatira inayamba, ndipo mayi uja wa njira ya ku Edingeni anamveka akuwerenga kandime kake osaphonya. Mwamuna wake anaimirira n'kuvula chipewa. Mawu onse makumi awiri ndi awiri analira, mmodzi ndi mmodzi, nthungululu zikutsatira. Palibe amene anasowa. Ine ndinawamvera nditakhala kuseri kwa guwa, pamene amasungira matsache.

Mwambo utatha, ndinayesa kuzembera kukhomo la kumbali. Ndinapeza NyaLungu ataima pomwepo, manja atagwira kachikwama kawo. Ndinagwada, ulendo uno pamaso pa munthu wamoyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yosasintha.

"Amayiwa mwawaphunzitsa bwino," anatero. "Malemu akanakondwa."

"Yewo, amama."

"Mawa seveni koloko. Fulasikiyo ibwere ndi tiyi m'kati, ndione ngati ikusungadi kutentha."

Pulogalamu yotola panjira imabwera ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali ndi makutu.